Tyrion mwana wa Aerys? Mmene mungafotokozere theory yanu anthu n'kukumverani

Funso: Ndamaliza mabuku onse 5 a A Song of Ice and Fire ndipo ndili ndi ganizo loti Tyrion Lannister si mwana wa Tywin koma wa mfumu yamisala ija Aerys Targaryen. Nditawauza anzanga amene timawerenga nawo anangondiseka basi, akuti ndikulota masana. Kodi ganizo langali ndi lopanda mutu? Nanga munthu amaifotokoza bwanji theory yake kuti anthu aitenge ngati nkhani yeniyeni?

Yankho:

Achimwene, ndiyambe ndi kuchenjeza aliyense amene sanamalize mabukuwa kapena kuonera Game of Thrones kuti pansipa ndiulula zambiri, za Harry Potter ndi Wheel of Time zomwe, ndiye ngati simukufuna kuonongeredwa nkhani lekerani pompano.

Ganizo lanulo si lopanda mutu ayi. Ndipo si inu oyamba, owerenga akhala akulikangana kwa zaka zambiri mpaka analipatsa dzina lachidule loti A+J=T, kutanthauza kuti Aerys ndi Joanna, mkazi wa Tywin, ndiwo anabereka Tyrion. Zisakukhumudwitseni zimenezi, ngati panokha mwafika pamene anthu ambirimbiri anafika ndiye kuti mumawerenga mwatcheru. Koma ndinene poyera kuti ineyo theory imeneyi sindiikhulupirira ndipo ndikuuzani chifukwa chake, bola tiyambe taona kaye theory imene inapambana kuti tidziwe kuti yolimba imaoneka bwanji, chifukwa vuto lanu ndikuliona kuti si ganizo lenilenilo koma kaperekedwe kake.

Buku loyamba, A Game of Thrones, linatuluka mu 1996. M'menemo timauzidwa kuti Jon Snow ndi mwana wapathengo wa Ned Stark, amene Ned anabwera naye pochokera ku nkhondo, ndipo mayi ake sadziwika. Wolemba mabukuwa George R.R. Martin anatiponyera mayina angapo oti atisocheretse, kwa mfumu Robert Ned amatchula za Wylla, Catelyn mkazi wa Ned anamva mphekesera za Ashara Dayne, kenako m'buku la 2011 lija A Dance with Dragons Davos amauzidwanso za mwana wamkazi wa msodzi wina. Koma owerenga ena anayang'ana kwina. Pali chaputala china Ned ali chigonere mwendo utathyoka, thupi litatentha, akulota zimene zinachitika pa nsanja ina ku mapiri a ku Dorne komwe mlongo wake Lyanna anafera. Ned anapita kumeneko ndi anzake, onse pamodzi 7, n'kupeza asilikali atatu a gulu lolondera mfumu ataima pakhomo, Arthur Dayne, Gerold Hightower ndi Oswell Whent. Apa ndiye pali nkhani yonse. Nthawi imeneyo nkhondo inali itatha, Rhaegar, mwana wamkulu wa Aerys, anali ataphedwa pa mtsinje wa Trident, Aerys anali atabayidwa ndi Jaime, mkulu wake wa Tyrion, ana a Rhaegar anali ataphedwa, ndipo wotsala wa banja lachifumu, Viserys, anali ku Dragonstone. Ntchito ya asilikali amenewa ndi imodzi basi, kulondera mfumu. Ndiye amataniko kuchipululu kuno, kulondera mtsikana wa ku banja la adani awo mpaka kufera pomwepo? M'malotomo Ned mwini amawafunsa zomwezi, kuti ndinakufunani ku Trident, ndinakufunani ku King's Landing, ndimayesa muli ndi Viserys, iwo n'kumuyankha kuti iwo sathawa ndipo analumbira.

Funso limeneli buku sililiyankha. Koma mukangoganiza kuti m'nsanjamo munali khanda la Rhaegar, zonse zimagwa m'malo mwake. Lyanna akufa pa bedi la magazi akumupempha Ned kuti amulonjeze chinachake, ndipo lonjezo limenelo limamuzunza Ned buku lonse. Ned, munthu wosadziwa kunama, sakufuna n'komwe kuti mkazi wake amufunse za Jon, amangomuuza kuti mwanayu ndi magazi anga basi. Robert amadana ndi aliyense wa mtundu wa Targaryen moti akufuna kupha ngakhale Daenerys, mwana wamkazi wa Aerys, ali ndi pakati kutsidya la nyanja, ndiye mukuona chifukwa chimene mwana wotereyu akanafunika kubisidwa. Maluwa a buluu amene Rhaegar anamuveka Lyanna pa mpikisano wa ku Harrenhal, kulumpha mkazi wake Elia Martell, amadzaonekanso m'buku lachiwiri pamene Daenerys akuona masomphenya a duwa la buluu likumera pa mng'alu wa khoma la ayezi, pomwe Jon nthawi imeneyo ali m'gulu lolondera Wall, khoma lalikulu la ayezi la kumpoto. Imeneyo ndiye R+L=J, kutanthauza kuti Rhaegar ndi Lyanna ndiwo anabereka Jon. Anthu anakhala nayo zaka pafupifupi 20 mpaka episodi yomaliza ya sizoni 6 mu 2016 inaonetsa kuti Lyanna ndiye mayi wa Jon, kenako sizoni 7 mu 2017 n'kumaliza kuti bambo ndi Rhaegar. Ndipo nkhani yodziwika ndi yoti David Benioff ndi D.B. Weiss akufuna chilolezo chopanga filimuyi Martin anawafunsa kuti mayi wa Jon Snow ndani, iwo n'kuyankha molondola. M'mabuku mokha nkhaniyi sinatsimikizidwebe chifukwa buku la 6, The Winds of Winter, silinatuluke mpaka pamene ndikulemba pano.

Taonani zinthu ziwiri pa theory imeneyi. Choyamba siinayambe ndi yankho, inayamba ndi chinthu chimene sichikumveka m'buku, asilikali atatu aja. Chachiwiri, ndipo kwa ine ichi ndiye chachikulu, ikakhala yoona nkhani imalemera. Ned amene timamuyesa kuti anachimwa kamodzi timapeza kuti sanachimwe, anasenza manyazi osakhala ake, analola mkazi wake kumukayikira moyo wonse, analola mwanayo kukula akunyozedwa, zonsezi kuti asunge lonjezo kwa mlongo wake. Mukabwerera kukawerenganso machaputala a Ned mtima umawawa kuposa poyamba. Theory yabwino imatero.

Tsopano tiyeze yanuyi ndi muyeso womwewu, ndipo ndikuthandizani kusonkhanitsa umboni chifukwa ulipo ndithu, anzanu anakusekani msanga.

Umboni wolemera kwambiri uli mu A Dance with Dragons, pamene Barristan Selmy, msilikali wakale wolondera mfumu, akumuuza Daenerys kuti bambo ake Aerys ankamufuna Joanna Lannister, ndipo pa ukwati wa Joanna ndi Tywin mfumuyi inachita zopyola malire pa mwambo woperekeza akwati kuchipinda. Barristan si munthu wamiseche, ndiye mawu ake ali ndi mphamvu. Kenako pali buku la mbiri ya dzikolo, The World of Ice and Fire la 2014, limene Martin analemba ndi Elio García ndi Linda Antonsson, anthu oti nawonso anayamba ngati mafani chabe. M'menemo akuti Joanna anali ku King's Landing m'chaka cha 272 pa kalendala ya m'nkhaniyo, pa chikondwerero cha zaka 10 za ufumu wa Aerys, Aerys anamunyoza pagulu ndi mawu achipongwe okhudza thupi lake, m'mawa mwake Tywin anafuna kutula pansi udindo wake wa nduna yaikulu koma mfumu inakana, ndipo Tyrion anabadwa m'chaka cha 273. Masikuwo akugwirizana, palibe angakane. Onjezani mawu a Tywin mu A Storm of Swords pamene Tyrion akupempha kuti adzalowe ufumu wa Casterly Rock, kwawo kwa a Lannister, Tywin akumuuza kuti malamulo amamulola kutchedwa Lannister kokha chifukwa iye sangathe kutsimikiza kuti si mwana wake. Ndiponso ngati R+L=J ili yoona ndiye kuti Jon, Daenerys ndi Tyrion onse atatu mayi awo anafa powabereka, ndipo m'nkhanimo amanena mobwereza kuti dragoni, chizindikiro cha banja la Targaryen, ili ndi mitu itatu.

Pali umboni wina umene anthu amakonda kuutchula koma ndi wopepuka, ndipo ndikukupemphani musamayambe nawo chifukwa ndi umene umapangitsa anthu kuseka. Zoti tsitsi la Tyrion ndi loyera kwambiri kuposa la abale ake, zoti maso ake ndi osiyana lina lobiriwira lina lakuda, zoti ali mwana ankalota madragoni n'kumakoleza moto pansi pa nyumba yawo monga anamuuzira Jon ali pa ulendo wopita ku Wall. Zonsezi zilimodi m'buku koma mwana wosungulumwa aliyense wokonda kuwerenga m'dziko limene munali madragoni akhoza kulota madragoni. Kufanana kwa nkhope kapena khalidwe kokha sikumanga mlandu. Buku lomaliza la Harry Potter lisanatuluke mu 2007 kunali theory yoti Dumbledore ndi Ron Weasley atakalamba n'kubwerera m'mbuyo mu nthawi, umboni wake unali woti onse ndi aatali, mphuno zazitali, tsitsi lofiirira, okonda maswiti. Inali yosangalatsa kuimva koma sinkayankha funso lililonse limene nkhaniyo inafunsa, ndiye inangofa yokha. Yerekezani ndi ya R.A.B. M'buku la 2005 Harry akupeza kakalata kosainidwa ndi zilembo zitatuzo m'kachibokosi kovala m'khosi kabodza, owerenga n'kukumbukira kuti m'buku la 2003 munatchulidwa mng'ono wake wa Sirius Black dzina lake Regulus, amene analowa gulu la Voldemort kenako n'kufa, komanso kuti posesa m'nyumba ya a Black anapeza kachibokosi kolemera kamene palibe anatha kukatsegula. Mfundo ziwiri zokha koma zikuyankha funso limene bukulo linafunsa lokha, ndipo mu 2007 zinapezeka zoona.

Tsopano zotsutsa. Mawu omaliza a Tywin atalasidwa ndi Tyrion m'chimbudzi, oti iwe si mwana wanga, anthu ambiri amawaika patsogolo ngati umboni waukulu. Koma m'buku lomwelo la A Storm of Swords Tywin amamuuzanso Jaime mawu omwewo, kuti si mwana wake, pamene Jaime wakana kusiya ntchito yolondera mfumu. Ndi mmene mkuluyu amalankhulira mwana akamukhumudwitsa. Kenako mu A Feast for Crows ya 2005 pali Genna, mlongo wake wa Tywin, akucheza ndi Jaime, akumuuza kuti iwe ndakuona kuyambira uli khanda, uli ndi zina za abale a bambo ako awa ndi awa, koma mwana wa Tywin ndi Tyrion osati iwe, ndipo akuti atamuuza Tywin zimenezi anakhala theka la chaka osamulankhula. Buku la mbiri lija nalonso lalembedwa ngati kuti walilemba ndi mphunzitsi wa m'dzikomo, Maester Yandel, munthu woti akulembera mfumu ya banja logwirizana ndi a Lannister, ndiye zonse zili m'menemo muzidzifunsa kuti akulankhulayu ndani ndipo akufuna kusangalatsa ndani. Ichi n'chofunika m'mabuku onse a Martin chifukwa chaputala chilichonse timachionera m'maso mwa munthu m'modzi, ndipo anthuwo amalakwitsa, amaiwala, amanama.

Koma chimene chimandikanitsa ine si mfundo zimenezi, ndi muyeso wachiwiri uja. Tyrion akakhala mwana wa Aerys ndiye kuti Tywin anali ndi chifukwa chomuda. Ndiye kuti nkhanza zonse zija zikupeza podzikhululukira, ndiye kuti Tyrion sanaphe bambo ake omubereka. Pomwe mphamvu ya nkhani ya anthu awiriwa ili poti Tywin, munthu wonyada amene moyo wake wonse amafuna mwana womulowa m'malo, anapatsidwa mwana ameneyo, wanzeru ngati iye, wodziwa ndale ngati iye, wosunga mangawa ngati iye, koma anamukana chifukwa ndi wamfupi ndiponso mayi ake anafa pomubereka. Tyrion mwini pomuyankha Tywin m'chimbudzi muja amamuuza kuti ine ndine inuyo, kungoti wamng'ono. Theory ya Jon imawonjezera ululu pa nkhani, iyi imauchotsa. Ameneyo ndi maganizo anga, ndipo pali owerenga anzeru amene amaona mosiyana, amati kukayika kwenikweniko, Tywin kusadziwa mpaka kufa, ndiko kumapangitsa nkhaniyo kuwawa. Mfundo imeneyo ndimailemekeza ndipo mukafuna kuimira theory yanu kumeneko ndiye kuli nthaka yolimba.

Nanga muifotokoze bwanji. Ndikuganiza kuti munafika kwa anzanu n'kungoti abale Tyrion ndi Targaryen, basi. Munthu akamva yankho lodabwitsa asanamve funso amaseka. Chitani ngati pabwalo la amfumu, wodandaula sangofika n'kunena kuti wakuba ndi uyu, amayamba wafotokoza chimene chasowa, kenako mboni imodziimodzi, ndipo amadziwa kale zimene mbali inayo idzanene. Ndiye yambani ndi funso limene anzanuwo sangathe kuliyankha mosavuta, monga chifukwa chiyani Martin anataya nthawi kumulankhulitsa Barristan za Aerys ndi Joanna m'buku lachisanu ngati zilibe ntchito. Asiyeni aganize kaye. Kenako perekani umboni wolemera uja, awiri kapena atatu okha, chilichonse munene buku lake ndi chaputala cha ndani, kuti wofuna akatsegule aone yekha. Musalembe zamumutu, tsegulani bukulo muone mawu enieni chifukwa theory zambiri zimaima pa chinthu chimene munthu akukumbukira molakwika, ndipo mnzanu m'modzi akangokugwirani pa chimodzi chotere zonse zotsalazo sazimvanso.

Musasakanize mabuku ndi filimu. Mu sizoni 6 muli pamene Tyrion akumasula maunyolo a madragoni awiri osavulazidwa, anthu ambiri anati eya mwaona, koma zimenezo m'mabuku mulibe ndipo filimuyo inatha mu 2019 osanenapo kanthu za Tyrion kukhala Targaryen. Mukatenga umboni wa uku ndi uku muzinena kuti uwu ndi wa kuti. Ndiponso musadalire zoti a Targaryen sapsa ndi moto, Viserys anafa ndi golide wosungunuka ndipo Jon anapsa dzanja populumutsa mtsogoleri wa gulu lake, Mormont.

Zotsutsa zija, za Jaime ndi za Genna, muzitchule nokha asanazitchule iwo. Anthu ambiri amaopa kutero poganiza kuti akudzigwetsa koma zimachitika ndi zosiyana, omvera amaona kuti mwawerenga mbali zonse ndipo amayamba kukambirana nanu m'malo molimbana nanu. Munenenso kuti mukutsimikiza motani, kaya mukuti ndi zoona ndithu kaya mukungoti n'zotheka, ndiponso chimene chingakusintheni maganizo. Owerenga a chingerezi ali ndi dzina la ma theory ongosangalatsa opanda umboni weniweni, amawatcha tinfoil, ndipo munthu akanena yekha poyamba kuti iyi ndi ya mtundu umenewo palibe amamuseka, amasangalala naye limodzi. Chimene anthu sakonda ndi munthu wobweretsa zongoganizira ngati kuti Martin anamuimbira foni.

Ndipo poti theory yanuyi ndi yakale, nenani kuti ndi yakale, kenako onetsani chimene inuyo mwaonjezapo, ngakhale kakhale kamzere kamodzi kamene anzanu sanakaone. Mufunsenso kaye kuti aliyense wafika pati powerenga, kuulula za imfa ya Tywin kwa munthu amene ali pa buku lachiwiri ndi kumulakwira kwambiri.

Ngati mukufuna kuphunzira kaperekedwe, yesani kaye ndi theory yaing'ono yoti umboni wake wonse uli m'chaputala chimodzi. Mu A Feast for Crows Brienne amafika pa chilumba cha amonke chotchedwa Quiet Isle, mkulu wa pamenepo n'kumuuza kuti Hound, dzina limene anthu amamutchula nalo Sandor Clegane, anafa. Koma pokwera mtunda Brienne anadutsa munthu wina wamkulu thupi kuposa iye, wotsimphina, nkhope atakulunga, akukumba manda, galu atamuyandikira iye n'kuwerama kumukanda kukhutu. M'khola muli hatchi yolusa ya Sandor Clegane ija imene simalola munthu wina. Ndipo mkulu uja akafunsidwa bwinobwino amati Hound anafa koma za Sandor amati ali pa mpumulo. Sandor anasiyidwa ndi Arya atavulala mwendo. Zinthu zinayi kapena zisanu, zonse pamasamba ochepa, aliyense akhoza kukaziona mu mphindi khumi, palibe chimene mukufunika kukoka ndi chingwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, Martin sanabise kanthu apa, anangodalira kuti ambiri tithamangira kutsogolo.

Chomaliza ndi cha kulondola ndi kulakwa, chifukwa ndikuona kuti kusekedwa kwakupwetekani. Wolemba ndi munthu, amasintha maganizo. Owerenga a Wheel of Time anakhulupirira kwa zaka kuti Mazrim Taim ndi Demandred wodzibisa, umboni unali wambiri mu Lord of Chaos ya 1994, Robert Jordan n'kudzakana, ndipo m'buku lomaliza la 2013 limene anamaliza Brandon Sanderson anthu awiriwa ndi osiyana. Koma zolemba za Jordan zimene zinaoneka iye atamwalira mu 2007 zinasonyeza kuti poyamba analidi ndi ganizo limenelo. Ndiye anthu aja anawerenga molondola buku limene linali m'manja mwawo ngakhale mapeto anawatsutsa. Funso lina la m'mabuku omwewo, loti anapha Asmodean ndani, linakhala kuyambira 1993 mpaka 2010, ndipo yankho lake loti ndi Graendal linadzapezeka kumapeto kwa buku, pa mndandanda wofotokoza mayina. Martin yekha ananenapo kangapo kuti sasintha nkhani chifukwa choti owerenga aitulukira, poti akatero zizindikiro zonse zimene anadzala m'mabuku am'mbuyo zisanduka zabodza, ndiye ngati A+J=T ili m'mutu mwake idzatuluka ndithu. Pamene tikudikira, kawerengeninso chaputala cha Daenerys ndi Barristan chija, cha Jaime ndi Genna, ndi machaputala awiri a Tyrion ndi bambo ake mu A Storm of Swords, loyamba lija akupempha Casterly Rock ndi lomaliza, mulembe mawu enieni ndi malo ake, kenako mubwerere kwa anzanuwo ndi funso la Barristan lija.